Mphini za Apongozi Anga

Amuna anga, a Mateyo, amajambula anthu pamanja ndi penti wa mafuta. Ndimayamba ndi kufotokoza choncho chifukwa kuno kwa Malemia ukangoti munthu amajambula, anthu amaganiza za kamera, kapena za anyamata aja olemba mitengo ya sopo pakhoma la okala. Ayi. Munthu amabwera, amakhala pampando pakhonde pathu, a Mateyo n'kumamuyang'anitsitsa ngati akufuna kumugula, kenako nkhope yake imayamba kutuluka pachinsalu pang'onopang'ono. Aphunzitsi opuma ntchito, abusa osamutsidwa, mabwana a m'maofesi ku Zomba, onsewa adutsa pakhonde panga ndipo ndawaphikira tiyi. Ambiri amafuna chinthu chimodzi, kuti aoneke bwino kuposa mmene Mulungu anawalengera. Wadazi amafuna tsitsi, wowonda amafuna masaya, ndipo a Mateyo amawapatsa osadandaula, poti mwini nkhope ndi amene walamula.

Ntchito imeneyi ili ndi malamulo ake, ndipo ine ndawasunga ngakhale ena ndi opusa. Penti wa mafuta sauma msanga, choncho m'chipinda chojambulira sitisesa, timangokolopa, kuopa fumbi. Nyumba imanunkha thina wotsukira maburashi chaka chonse, mpaka zovala zanga za kutchalitchi. Koma lamulo lalikulu ndi ili: chithunzi chosatha sachijambula ndi foni, ngakhale mwini wake atapempha chogwada. A Mateyo amati chithunzi chosatha chili ngati munthu amene akusamba, sumuitanira anthu. Lamulo limeneli ndi limene linadzatipweteka.

Apongozi anga, a Annie, anabereka ana aamuna awiri okha, alamu anga a Percy ndi a Mateyo. Miyendo itayamba kuwatupa, panalibe mwana wamkazi wowasamala kumudzi kwawo kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, ndiye ndinakawatenga ine. Anthu analankhula, ati mayi satsatira mwana ku chikamwini. Ndinawauza kuti amene zikumupweteka abwere adzawasambitse yekha, ndipo palibe anabwera.

Anali mayi wamfupi, wakuda bii, wa mano ofiira ndi fodya wa chingambwe amene ankasuta moto uli m'kamwa. Pamasaya onse awiri ndi pamphumi anali ndi mphini, timizere timene anawatema agogo awo iwo ali namwali, gogo amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique. Mphinizo ankazinyadira kwabasi. Ankati akadzafa, amayi awo adzawazindikira ndi zimenezo pakati pa khamu la akufa. Moyo wawo wonse anatcheza kachasu, ndipo mpingo unawadula kalekale ine ndisanabadwe n'komwe. Sanapepese. Amuna awo anapita ku Joni osabwerako, ana awiri anafunika kudya ndi kuphunzira, ndipo kachasu yemweyo ndi amene anafikitsa a Percy kusukulu zapamwamba, mpaka kukhala bwana mu ofesi pa koleji ina kunoko.

Kamera ankaida. Ankati imawaonetsa ngati wakuba nkhuku amene wangogwidwa kumene. Chithunzi chawo chinali chimodzi, cha pachiphaso cha unzika, ndipo chinapita nawo m'bokosi limodzi ndi kachitini ka fodya, monga analamulira okha. Koma m'miyezi yawo yomaliza, atatopa ndi kungokhala pakhonde kuonerera nkhuku zanga, anaitana mwana wawo.

"Poti ndangokhala, jambula. Koma usandinamizire ngati umachitira ndi mabwana akowa."

A Mateyo sanajambulepo chinthu ngati chimenecho, ndipo sadzajambulanso. M'mawa uliwonse dzuwa likafika pakhonde ndinkawakhazika apongozi pampando, pilo kumsana, ntchito n'kuyamba. Munthu wojambulidwa amayenera kukhala chete, koma a Annie chete ankamudziwira kuti? Ankanyoza mwana wawo kuti wakula mpaka imvi akuseweretsabe matope, ankandituma ine, make Julius moto wa fodya, make Julius nkhuku zalowa m'dimba, ndipo a Mateyo ankangoseka, dzanja likuyenda. Apa m'pamene ndinadziwira kuti khungu lakuda salijambula ndi penti wakuda. Ankasakaniza wofiira, wabuluu ndi wa mtundu wa dothi la kudambo, mpaka tsaya n'kuoneka lofunda ngati ungaligwire. Mphini anazisiyira pomaliza. Anadula burashi ina mpaka kutsala titsitsi towerengeka, n'kumalemba mzere uliwonse atagwira mpweya, mayi awo akuwauza kuti uwu unapweteka kwambiri, uwu ndinaluma chitenje osalira.

Anamaliza nkhope ndi duku lawo lofiira lakutha. Kuyambira m'khosi kutsika munali mizere ya makala basi. Atawaonetsa, apongozi anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti eya, ameneyo ndi Annie, kungoti iwo sakwiya choncho. Tinaseka tonse chifukwa ankakwiya choncho ndithu. Mvula yoyamba itagwa anatisiya.

Chithunzicho chinakhala m'chipinda chojambulira chosamalizidwa. Ine ndikamakolopa ndinkachipatsa moni, ndisabise, chifukwa maso aja ankakutsata mpaka pakhomo ngati akufunsa kuti madzi osamba achedweranji. Tsiku lina ndinatulutsa foni kuti ndichijambule nditumizire mchemwali wanga ku Liwonde. A Mateyo anandilanda foniyo ngati ndine mwana wagwira mpeni. Anati sichinathe. Ndinawafunsa kuti chidzatha liti poti mwini thupi ali m'dothi.

Titakolola, alamu anabwera pagalimoto ndi akazi awo a Maureen kudzakambirana za chiliza. A Percy ndi mkulu wa mpingo ku tawuni, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka, ndipo ambiri mwa anthu amene amakhala pampando wa pakhonde pathu amawatumiza ndi iwo. Zimenezi sazinena, koma amaonetsetsa kuti tisaziiwale. Analowa m'chipinda muja kuti aone chithunzi cha mnzawo wina wa kuntchito, n'kukumana maso ndi maso ndi mayi awo.

Anaima chilili. Ndinati mumtima, lero munthuyu alira, ndimukhululukira zonse, ngakhale zoti nthawi ya matenda ankangotumiza shuga ndi moni. Koma ayi ndithu. Anapukuta magalasi awo n'kuyamba kulamula ngati ali mu ofesi. Chithunzichi chimalizidwe, chidzaonetsedwe pa tsiku la chiliza, kudzakhala abusa, anzawo a kuntchito ndi makwaya. Koma mphinizo zichoke. Khungu liwalitsidwe pang'ono. Pakamwa patsekedwe kuti mano asaoneke. Duku likhale loyera, bulauzi yoyera ya amayi a mvano, m'manja mukhale Baibulo.

"Achimwene," anatero a Mateyo chapansipansi, "amayi sanavalepo zoyera."

"Kumene aliko avala," anayankha a Percy. "Ukufuna alendo anga adzaone chiyani? Mayi wotcheza kachasu, wa zipsera kumaso?"

Ine sindisunga zakukhosi. Ndinali pakhomo ndi makapu a tiyi m'manja, ndipo ndinawauza kuti tayi ili m'khosi mwawoyo inatuluka mu mphika wa kachasu womwewo, komanso Baibulo akulifunalo mayiyo sankadziwa ngakhale kumene kuli kumutu kwake. A Maureen anayang'ana kudenga. Alamu anati nkhani za m'banja mwawo wobwera asalowererepo. Wobwera! Pakhomo panga pomwe, padothi la amayi anga, ine amene ndinachapa nsalu za mayi awo mpaka manja kusupuka. Ndinayang'ana amuna anga kuti alankhule, iwo ali kalikiliki kupukuta burashi yoyera kale.

Paja amati manyazi anapha lambe. A Mateyo sanakanepo mkulu wawo chibadwire. A Percy ndi amene ankapita kusukulu, iwo n'kumatsala kutola nkhuni zotchezera kachasu, ndipo mpaka lero akamva mawu a achimwene awo amaimirira ngakhale pafoni. Alendo atapita ndinawauza kuti atenge chinsalu china, ajambule mayi wa mvano amene alamu akumufunayo, apongozi anga awasiye. Anayesadi. Koma dzanja silibwereza chimene linachita munthu ali wamoyo patsogolo pake, ndipo nkhope yachiwiriyo inatuluka ngati chidole cha m'sitolo. A Percy atabwera kudzaona anapukusa mutu, ati awa si amayi anga, maso awa si awo, ndikufuna choyamba chija. Mukuona? Maso a mayi awo ankawadziwa bwinobwino, masaya okha ndi amene ankawachititsa manyazi. Chinsalu chachiwiricho a Mateyo anachipaka zoyera, ndipo lero pajambulidwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, ndi tsitsi limene alibe.

Ndiye amuna anga anabwera ndi nzeru. Anandifotokozera nkhope ili ngwee, ngati apeza mankhwala a imfa. Ukapaka vanishi pachithunzi chouma, anatero, amakhala ngati galasi. Chimene wajambula pamwamba pa vanishiyo chimachoka ndi kansanza konyowetsa palafini, bola usachedwe, penti wapamwambayo asanalimbe. Ndiye ajambula mayi wa a Percy pamwamba, mwambo ukatha chithunzi chibwerera kunyumba, apukuta, amayi atulukanso ndi mphini zawo, aliyense wakondwa. Vuto linali loti vanishi weniweni wa zithunzi anali atawathera, mnzawo amene amawabweretsera kuchokera kunja anali asanabwere, ndipo tsiku linali litayandikira. Anakagula wa mipando mu hadiweya ku Zomba, ati kwa masiku ochepa sangalakwe kanthu. Ine ndinati mapanga awiri avumbwitsa. Anandifunsa kuti ndimadziwa chiyani za penti, ndipo n'zoona, sindidziwa. Ndinapempha chimodzi chokha, kuti andilole ndijambule ndi foni asanayambe. Anakananso, ati sichinathe, komanso kutero n'kukayikira dzanja lawo.

Tsiku limene anakwirira mphini ndinaima pazenera. Anasakaniza penti wa mtundu wa tiyi wamkaka, n'kuyamba ndi tsaya lamanzere, mzere umodziumodzi, akulankhula okha. Ndinamva akuti, "Pepani amayi, ndi masiku ochepa." Pofika masana panali mayi wina wake wonenepa masaya, womwetulira chotseka pakamwa, wooneka ngati sanakalipirepo munthu. Maso okha ndi amene anatsala a apongozi anga, ndipo ankandiyang'ana ine ngati ndine ndawagulitsa. Tsiku limenelo amuna anga sanadye.

Mwambo unali waukulu, zimenezo alamu sindingawamane. Matenti, mipando yapulasitiki, magalimoto mpaka m'munda wa chinangwa. Titabwera kumanda, a Percy anaimika chithunzicho pampando n'kuvundukula nsalu. Alendo anaomba m'manja, amayi a ku tawuni n'kumauzana kuti koma anali mayi wopemphera, nkhope ikuchita kuonetsa. Anthu a kumudzi kwawo kwa malemu, amene anamwa kachasu wa a Annie zaka zonsezi, anangoyang'ana pansi.

Kenako anadzuka a Esnath, mng'ono wawo wa malemu, nawonso a mphini zomwezo kumaso. Anayenda ndi ndodo yawo mpaka pafupi n'kusuzumira. Anafunsa mokweza, poti makutu anali atayamba kuwavuta, kuti ameneyu ndi mkazi wa m'busa uti. Wina anawanong'oneza kuti ndi achemwali awo. Anasuzumiranso, kenako anatembenukira kwa a Mateyo, osati kwa a Percy.

"Iwe mwana wa Annie, mayi ako wawaika kuti? Nanga amayi athu akamuona chonchi amudziwa?"

A Maureen anawagwira mkono n'kupita nawo kuseri, ati akalandire chakudya. Alamu anakhosomola n'kupitiriza kulankhula za mayi amene anawalera m'mapemphero, ine magazi akuwira, ndikuluma milomo kuti ndisawononge mwambo wa munthu amene ndinamukonda.

Anthu atayamba kubalalika, tinaona a Percy akunyamula chithunzi chija kupita nacho kugalimoto. A Mateyo anawathamangira, ati penti sanaume, chibwerere kunyumba kaye akamalize bwino. Alamu anaseka pamaso pa alendo, ati mng'ono wangayu sakhutira ndi ntchito yake, chili bwino momwemu, a Maureen akhoma kale msomali pabalaza. Nanga wamng'ono angalimbirane katundu ndi mkulu wake pamaso pa abusa? A Mateyo anathandiza okha kuchigoneka bwino pampando wakumbuyo kuti chisakhudzane ndi kanthu.

Sabata inatha, mwezi unatha. A Mateyo akaimba foni, alamu ali ku msonkhano. Akapita okha pa minibasi, a Maureen akuti mawa kubwera alendo, khoma lisakhale lopanda kanthu. Anachipachika moyang'anizana ndi zenera, dzuwa lamasana likuchiwotcha tsiku ndi tsiku, ndipo a Mateyo ankabwerako ali duu ngati achokera kukaona wodwala. Kunena zoona sakanatha. Akanati chiyani, kuti achimwene ndinakupusitsani, pansipo pali amayi enieni? Ndinapitako ine ndemwe, nditamanga chitenje zolimba kuti lero ndibwera nacho. A Maureen anandilandirira kukhitchini, pabalaza pali amayi a mapemphero akuimba pansi pa chithunzi chomwecho, ndipo ndinabwerako ndi botolo la mafuta ophikira limene sindinapemphe.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. A Esnath anamwalira a Mateyo akungonenabe kuti adzapita kukawajambula, ndipo mphini zomaliza za pabanjapo zinalowa nawo m'dothi. Alamu anasindikiza mayi wa mvano uja pa makalendala n'kugawira abale onse, moti adzukulu amene sanawaone a Annie amaloza pamenepo n'kumati agogo. Yathu ndinayatsira moto.

Chithunzicho chinabwerera chokha, tisakuchiyembekezera. A Maureen anakachijambulitsa ku Blantyre n'kusindikiza chachikulu chonyezimira, kumbuyo kuli mitambo ndi nkhunda, ndiye chapamanjachi chinayamba kuoneka chachikale pabalaza pawo. Anachitumiza ndi kondakitala wa minibasi, chokulungidwa m'thumba la feteleza, n'kutiimbira kuti tikachilandire kumsewu.

A Mateyo sanadikire ngakhale kumwa madzi. Anachiimika pakhonde, pamalo pomwe mayi awo ankakhala, n'kunyowetsa kansanza ndi palafini. Anapukuta tsaya, palibe chinachoka. Anapukutanso mwamphamvu, penti uja ali gwa ngati simenti. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo la thina, uja wamphamvu wotsukira maburashi ouma. Ndinawauza kuti asiye, bola tikudziwa kuti pansipo alipo. Anati kudziwa si kuona.

Anayambira pamphumi, pang'ono, ndi kansanza kokulunga kunsonga kwa chala. Penti wa tiyi wamkaka uja anafewa n'kuyamba kuchoka. Ndipo ndinaziona, abale, ndi maso angawa: khungu lakuda bii, ndi timizere ta mphini tili pomwe tinali. Ndinaitana apongozi anga mokweza ngati angandiyankhe. A Mateyo anaseka, misozi ikutsika. Koma thina sasankha. Atadya penti wapamwamba analowa mu vanishi wa mipando uja, vanishi n'kusanduka ulimbo, n'kukwinyika, n'kukoka penti wapansi amene anakanirirana naye nthawi yonseyi padzuwa. A Mateyo atachotsa kansanza, mphumi yonse inabwera nako. Thina anayenderera kutsika, kudutsa m'maso, ndipo maso aja, okhawo amene alamu sanawakhudze, anasungunuka tikuona. Anayesa kutseka ndi kansanza komweko kuti asafike pamasaya, nako kananyamula masaya.

Panatsala duku loyera, bulauzi yoyera, Baibulo, ndipo pakati pake chinsalu chotuwa chopanda munthu.

Sindinanene kuti paja ndinanena. Mtima unandipweteka moti ngakhale kukalipa ndinalephera, ine amene. Ndinangotola kansanza kaja, kali kolemera, kakuda, konata, kuti ndikataye kudzala. A Mateyo anandigwira dzanja.

"Musataye, mayi a Julius. Amayi ali m'menemo."

Anakapinda bwinobwino n'kukaika m'chitini cha mabisiketi momwe amasungira timachubu ta penti. Dzuwa litapendeka alamu anaimba foni, ndipo amuna anga anaimirira poyankha. Alamu ankafunsa ngati katundu wafika bwino, komanso kuti pali mnzawo wina wa ku ofesi akufuna chithunzi cha malemu mayi ake, koma achotseko makwinya. Ndinaima pomwepo kudikira kuti a Mateyo anene chimene chinali pamtima pawo, kamodzi kokha m'moyo wawo. Anayang'ana chitini chija, n'kunena kuti wafika bwino achimwene, mnzanuyo abwere Lolemba.